Batire la Njinga Yamoto Likafa, Funani Cimene Calipha

Masiku ano njinga zamoto, zimene akuluakulu amazicha mthuthuthu, zafika m'midzi yambiri. Anyamata a kabaza apezera pomwepo cakudya ca pa banja, alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo ayendera zomwezo, ndipo mai akadwala usiku kumudzi kumene galimoto safika, kawirikawiri njinga yamoto ndiyo imamfikitsa ku cipatala. Cifukwa cace njinga ikakana kulira, wobvutika si mwini wace yekha.

Dandaulo limene limveka kwambiri pakati pa eni njinga ndi la batire. Munthu agula batire latsopano ndi ndalama zambiri, ndipo pakutha miyezi iwiri kapena itatu lafanso. Tsono iye ayamba kunena kuti wa sitolo anamgulitsa labodza. Nthawi zina nzoona, pakuti mabatire osalimba alipo pa msika. Koma kawirikawiri batire silifa lokha. Pamakhala kanthu kena pa njingapo kamene kakulipha, ndipo mukapanda kukapeza kadzaphanso lina limene mudzagula. Batire losamalidwa bwino liyenera kukhala zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ena amapitirira pamenepo. M'nkhani ino tifotokoza m'mene mungafufuzire bvuto ndi manja anu musanataye ndalama.

BATIRE NDI NKHOKWE, SI MUNDA

Mlimi ali yense adziwa kuti nkhokwe sibala cimanga. Ingosunga cimene cacokera kumunda. Batire liri cimodzimodzi. Munda wa magetsi uli m'kati mwa injini, kumene kuli gudumu la maginito lozungulira pafupi ndi makoyilo a waya wa mkuwa. Injini ikamayenda, maginito apita pa makoyilowo ndipo magetsi abadwa. Nzeru imeneyi anaipeza Michael Faraday wa ku England m'caka ca 1831.

Magetsi ocokera ku makoyilo sangalowe m'batire monga ali, cifukwa ayenda uku ndi uku, ndiponso aculuka injini ikathamanga. Cifukwa cace pakati pa makoyilo ndi batire pali kabokosi kakang'ono ka citsulo kokhala ndi mizeremizere, kamene amakaniko amati rekitifaya. Nchito yace ndi iwiri: kuongola magetsi kuti ayende njira imodzi, ndi kuletsa kuti asapyole muyeso.

Batire la mtundu umene tigwiritsa nchito analiyamba Gaston Planté wa ku France m'caka ca 1859. M'kati mwace muli mapale a mtobvu omizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi. Njinga zambiri za masiku ano ziri ndi batire la ma volt 12. Liri ndi zipinda 6, ndipo cipinda ciri conse cipereka ma volt 2 ndi pang'ono. Pa thupi pace palembedwanso nambala ina, monga 5Ah kapena 7Ah, ndiyo ikuuzani kukula kwa nkhokweyo. Batire la 5Ah likhoza kupereka amp imodzi kwa maola ngati 5.

Nkhokwe ipezeka yopanda kanthu pa zifukwa zitatu. Kapena zokolola sizikufika, kapena mbewa ndi mbala zikutapamo, kapena nkhokwe yomweyo yaola. Batire likatha mphamvu, funso ndi lomwelo: kodi magetsi sakulowa, kapena cina cikuwaba, kapena batire lakalamba? Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Yambani ndi zapafupi ndi zosafuna ndalama, ndipo mutsirize ndi zobvuta.

COYAMBA: MVERANI NJINGA

Tsegulani kiyi, muimbe hutala, ndipo muyatse nyali zokhotera. Hutala ikalira mwamphamvu ndi nyali zikaphethira bwino, batire likadali ndi moyo, ndipo bvuto liri kwina. Hutala ikalira ngati mwana wa mbuzi wodwala, batire lafooka kapena mitu yace siinagwire bwino. Koma pakakhala cete, popanda ngakhale kanyali kobiriwira ka neutral, ganizani za fyuzi kapena waya wocoka.

Musadalire nyali yaikulu ya kutsogolo pa kuyesa kumeneku. Pa njinga zing'onozing'ono zambiri nyali imeneyi itenga magetsi ku injini osati ku batire, ndipo iwala pokhapo injini ikuyenda.

Mukadina sitata ndi kumva kuti "tha, tha" injini osatembenuka, ndiye kuti magetsi alipo koma ngocepa, kapena akukanika kudutsa pena pace. Musaumirire. Dinani masekondi 5 okha, mupume masekondi 10, ndipo ikakana kangapo lekani. Onaninso kuti kaswichi kofiira kozimitsira injini, pa njinga zimene ziri nako, sikanakankhidwe ndi mwana, ndiponso kuti giya iri pa neutral. Njinga zina sizilola sitata kufikira mutagwira kilachi kapena kukweza mwendo woimikira.

CACIWIRI: MITU YA BATIRE NDI FYUZI

Miseu ya kumudzi iri ndi mabampu, ndipo kugwedezeka kumasula timabauti. Tsegulani pamene pakhala batire ndipo mugwedeze ndi zala mawaya awiri omangidwa pa mitu yace, imene amakaniko amati matemino. Waya akasuntha, mangitsani. Njinga zambiri zimene eni ace anati batire lafa zinacira ndi sipanala yokha.

Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira pa mitupo, umenewo utsekereza magetsi. Masulani mawaya, musungunule soda wophikira therere m'madzi ofunda, ndipo mutsuke mituyo ndi mswaci wakale. Cenjerani kuti madzi a soda asalowe m'kati mwa batire, pakuti apha asidi. Mukaumitsa, mangani mawaya, ndipo mupake girisi pang'ono kapena Vaseline pamwamba.

Lamulo la kumasula ndi ili: yambani ndi mutu wa cizindikiro ca kucotsa (−), ndipo pobwezera muumange potsiriza. Cifukwa cace ndi ici: mutu umenewo ngolumikizidwa ku citsulo conse ca njinga. Mukayamba ndi mutu wa kuphatikiza (+), umene waya wace kawirikawiri ngofiira, sipanala ikakhudza citsulo ca njinga moto uthetheka. Tsatiraninso waya wa (−) kufikira pamene wamangidwa ku citsulo, amene amamucha earth. Pakakhala dzimbiri palani mpaka pawale.

Pafupi ndi mutu wa (+) pali fyuzi. Pa njinga zing'onozing'ono imakhala ya ma amp 10 kapena 15, ndipo nambala yalembedwa pomwepo. Kawaya ka m'kati mwace kakaduka, ikani ina ya nambala yomweyo. Fyuzi yatsopano ikapsanso msanga, pali waya amene wasupuka khungu ndipo akukhudza citsulo. Malo amene mawaya asupuka kwambiri ndi pa khosi la njinga pamene zigwiriro zikhotera, pansi pa thanki, ndi pansi pa cishalo pamene katundu akanikiza. Mbewa nazo zimatafuna mawaya njinga ikagona pafupi ndi matumba a cimanga.

Anthu ena fyuzi ikapsa amamangapo waya wamba kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Cimeneci ndi coopsa. Fyuzi inaikidwa kuti ipse yokha m'malo mwa mawaya onse. Mukaicotsa nchito, mawaya ndiwo adzapsa, ndipo ali pansi pa thanki ya petulo.

CACITATU: MADZI A M'BATIRE

Mabatire alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi zitsekero 6 pamwamba, ndipo thupi lao lionetsa madzi a m'kati. Pa thupipo pali mizere iwiri, wapamwamba wolembedwa UPPER LEVEL ndi wapansi wolembedwa LOWER LEVEL. Madzi ayenera kukhala pakati pa mizereyo m'zipinda zonse. Mapale akatulukira kunja kwa madzi aonongeka, ndipo mbali imene yauma sibwereranso mwakale.

Cimene cicepa m'batire ndi madzi, osati asidi. Cifukwa cace musaonjezemo asidi. Thirani madzi a batire okha, amene agulitsidwa m'mabotolo ku malo omwetsera petulo ndi ku masitolo a zipangizo, olembedwa distilled water. Madzi a pa mjigo, a pa citsime ndi a mumtsinje ali ndi mcere wosaoneka ndi maso umene uononga mapale. Mukasowa kotheratu, madzi a mvula olandiridwa m'mbale yoyera ya pulasitiki pabwalo, osati ocokera pa denga la malata, angathandize. Kumalo otentha monga Nsanje, Salima ndi Karonga madzi acepa msanga, ndipo nkwabwino kuyang'ana sabata ziwiri ziri zonse.

Mabatire ena ngotsekedwa, ndipo kawirikawiri alembedwa MF. Amenewa satsegulidwa ndipo sathiridwa madzi. Batire la mtundu uli wonse likatupa m'mbali kapena likang'ambika, latha nchito ndipo musaliyese kuchaja.

CACINAI: KUYESA NDI MITA

Amakaniko ambiri pa malo a malonda ali ndi kamita koyezera magetsi kochedwa multimeter, ndipo mtengo wace ngocepa kuposa wa batire latsopano. Eni njinga a mudzi umodzi kapena a siteji imodzi ya kabaza angathe kusonkherana nagula kamodzi. Ikani mita pa DC 20V, waya wofiira pa (+) ndi wakuda pa (−). Muyese katatu.

1. Injini iri yozima, ndipo njinga yapuma ola limodzi kapena kuposa. Batire lodzaza lionetsa 12.6 kufikira 12.8. Likaonetsa 12.2 latsala ngati theka. Likatsika pansi pa 12 lifunika kuchaja tsiku lomwelo.

2. Mnzanu akudina sitata. Nambala itsika, koma isapitirire pansi pa 9.5 kapena 10. Batire limene langochajidwa kumene likagwa pansi pa pamenepo, ndiye kuti nkhokwe yaola ndithu, ndipo apa pokha mpoyenera kugula lina.

3. Injini ikuyenda ndipo mwakoka moto pang'ono. Mita iyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5. Kuyesa kumeneku ndiko kofunika koposa, ndipo ndiko kumene ambiri amakudumpha.

Pa kuyesa kwacitatu, nambala ikakhala pa 12 pomwepo osakwera, magetsi sakufika ku batire. Bvuto liri ku makoyilo, ku rekitifaya, kapena pa mapulagi a pulasitiki olumikiza mawaya ao. Tsegulani mapulagiwo muone ngati muli dzimbiri, matope, kapena ngati asungunuka ndi kutentha. Nambala ikapyola 15, rekitifaya yaonongeka ndipo ikuphika batire. Zizindikiro zace zioneka ngakhale popanda mita: madzi a m'batire atha msanga, batire litentha ndi kununkha ngati dzira loola, ndipo mababu apsa kawirikawiri. Mukaika batire latsopano pa njinga yotere, mwangotaya ndalama. Pitani nayo kwa makaniko kuti ayese makoyilo ndi rekitifaya pacokhapacokha, ndipo musinthe cokhaco cimene capezeka colakwa.

CACISANU: MBALA ZA MAGETSI

Njinga ina ichaja bwino, batire lace nlabwino, koma ikagona usiku umodzi kapena uwiri m'mawa ipezeka yopanda mphamvu. Pamenepo pali cimene cikutapa magetsi kiyi ali wotseka. Kuti mucigwire, tsekani kiyi, masulani waya wa (−), ndipo muike kababu kakang'ono ka ma volt 12 pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Kababu kakayaka, mbala ilipo. Cotsani zinthu cimodzicimodzi kufikira kazime. Kuba kocepa kwambiri sikuyatsa babu, koma mita ikuona.

Kawirikawiri mbala ndi zinthu zimene mwini anaonjeza yekha: wailesi ndi masipika, nyali za mitundumitundu, alamu, ndi kochajira foni kolumikizidwa ku batire osadzera pa kiyi. Swichi ya buleki ikakakamira, nyali ya kumbuyo ikhala ciyakire ulendo wonse, ndipo nayo idya magetsi. Kumbukirani kuti makoyilo a njinga yaing'ono apanga magetsi ongokwanira zimene inabwera nazo ndi kotsala pang'ono.

Aphunzitsi angathe kupatsa ana samu iyi. Kuti mupeze ma amp, gawani ma watt ndi ma volt. Babu la ma watt 35 pa ma volt 12 lidya ma amp pafupifupi 3. Tsono batire la 5Ah likayatsa babu limeneli injini iri yozima, silifika maola 2. Samu yomweyi ionetsa cifukwa cace kucotsa batire la njinga usiku uli wonse kuti liunikire m'nyumba kapena kuimba wailesi kulifupikitsa moyo. Batire la mtobvu la mtundu uwu silikonda kutha kotheratu. Likatha ndi kukhala masiku osachajidwa, pa mapale pamera zoyera zolimba ngati mwala, ndipo malo osungira magetsi acepa kosabwerera.

Maulendo afupiafupi nao atha batire pang'onopang'ono, cifukwa sitata itapa zambiri ndipo injini sipeza nthawi yobwezera. Ngati njinga iri ndi kiki, igwiritseni nchito m'mawa, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July kumalo okwera monga Dedza, pamene batire lifooka ndi oilo alimba.

NGATI INJINI ITEMBENUKA KOMA SILIRA

Pamenepa batire lingakhale losalakwa. Onani poyamba ngati petulo alimo ndipo kampope kace nkotsegula. Kenaka masulani pulagi, muibwezere m'cipewa cace ca mphira, ndipo mukhudzitse mazinga ace pa citsulo ca injini kutali ndi dzenje la pulagi ndi petulo. Gwirani pa mphira pokha. Mnzanu akaponda kiki, muyenera kuona kamoto kobiriwira ngati thambo. Kamoto kakasowa kapena kakakhala kofooka, yesani pulagi ina, pakuti ndiyo yochipa. Mpata wa pa mlomo wa pulagi pa njinga zambiri zazing'ono ndi 0.6 kufikira 0.7 mm. Pulagi yatsopano ikapandanso moto, bvuto liri ku cipewa, ku koyilo ya pulagi, kapena ku kabokosi kochedwa CDI. M'nyengo ya mvula, makamaka mutaoloka mtsinje, madzi olowa m'cipewa ca pulagi ndiwo amazimitsa njinga zambiri. Pukutani ndi kuumitsa musanagule kanthu.

Njinga zing'onozing'ono zambiri zimalira ndi kiki ngakhale batire litafa, cifukwa moto wa pulagi ucokera ku maginito. Cimeneci cinyenga anthu ena kuti aziyenda opanda batire konse. Kutero kulemetsa rekitifaya ndi kupsereza mababu, ndiponso hutala ndi nyali zokhotera sizigwira bwino nchito. Njinga imene siioneka ndi kumveka pa mseu usiku iika pa ngozi woyendetsa, wokwera, ndi woyenda pansi.

KUCHAJA BATIRE

Batire la njinga lifuna kuchajidwa pang'onopang'ono. Muyeso wace ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a nambala ya Ah. La 5Ah lifuna theka la amp, ndipo la 7Ah lifuna 0.7, kwa maola ngati 10 likakhala kuti linatheratu. Chaja yaikulu ya mabatire a galimoto ilipsereza. Mukapereka batire kwa ochaja, auzeni kuti aike mphamvu yocepa. Sola wa pa denga asalumikizidwe ku batire popanda kabokosi kace koletsa magetsi kupyola muyeso. Batire likatentha m'manja, lekani kuchaja kufikira lizizire. Mukapempha moto ku batire la galimoto, injini ya galimotoyo ikhale yozima, ndipo musasinthanitse (+) ndi (−).

Njinga ikati ikhale mwezi wosayenda, masulani waya wa (−), ndipo muchaje batire kamodzi pa mwezi, pakuti ngakhale losagwira nchito limataya mphamvu lokha, makamaka kukatentha.

CENJEZO

Batire likamachajidwa litulutsa mpweya wa hydrogen umene uphulika ukakumana ndi moto. Musasute fodya pafupi, ndipo musasuzumire m'zipinda zace ndi macesi, kandulo kapena koloboyi. Chajani pamalo popita mphepo, osati m'cipinda cogona. Musayese mphamvu ya batire mwa kugunditsa mitu yace iwiri ndi waya kuti muone moto.

Asidi aocha khungu, abowola zobvala, ndipo akhoza kupha maso. Akagwera pa khungu tsukani ndi madzi ambiri. Akalowa m'maso thirani madzi oyera osaleka kwa mphindi 15 kapena kuposa, ndipo mupite ku cipatala tsiku lomwelo.

Batire lakufa musaliphwanye, musalitaye m'munda kapena pafupi ndi citsime, ndipo ana asaseweretse mapale ace. Mtobvu ndi ululu umene uononga ubongo wa mwana mwakacetecete. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, mgodi wa mtobvu unatsekedwa m'caka ca 1994, koma fumbi lace lakhala likudwalitsa ana kwa zaka zambiri pambuyo pace. Sungani batire lakale ciriri, pamalo pouma posafika ana, kufikira mutalipereka kwa ogulitsa mabatire kapena ogula mabatire akale.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Sabata iri yonse gwedezani mitu ya batire, yang'anani madzi, yesani hutala ndi nyali zonse. Yendani ndi fyuzi ina, pulagi ina, ndi tepi yomatira mawaya. Potsuka njinga musathire madzi pa maswichi ndi pa mapulagi a mawaya. Ndipo pamene mufuna kugula batire latsopano, uzani makaniko ayese njinga injini ikuyenda, inu mukuona: mita ionetse pakati pa 13.5 ndi 14.5. Safunsa anadya phula.

Tipempha aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga kuti awerengere nkhaniyi anzao amene ali ndi njinga zamoto m'midzi mwao.